Musanatseke Sutikesi, Bambo

Zaka makumi atatu mwayendetsa sitima ya pansi pa Tbilisi,
Didube, Samgori, kubwerera, Didube,
mdima womwewo, njanji yomweyo.
Lero mwapuma ntchito, mukuti mukaone Napoli.
Khalani pansi tsono, Bambo,
monga munkandikhazikira ine poyamba sukulu.

Pasipoti ndaiona, masiku ake akadali ambiri.
Ndaijambula kawiri:
pepala lina lili m'thumba la mkati la jekete,
lina ndaika m'kabati, pansi pa mbale za malemu Amayi.
Ikakatayika musakayambe kutukwana pamsewu.
Mudzandiimbire.

Nsapato zatsopanozo bwezani m'bokosi.
Tengani zakale zija, zopindika chidendene,
zimene zimadziwa phazi lanu.
Matuza sadziwa kuti munthu ali patchuthi.

Ndalama musaike malo amodzi.
Ma yuro ena m'kachikwama, ena mu sokosi,
khadi la kubanki palokha.
Kubankiko ndawauza kale kuti mukutuluka,
angayese wakuba ndi amene akugula khofi kutsidya la nyanja.
Inshulansi ndalipira, musandifunse mtengo.
Mukuti simudwala?
Nanga bondo lija linakugonetsani pa masitepe a Mzevinar linali la yani?

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi akhale m'manja mwanu,
m'chikwama chokwera nacho,
pamodzi ndi kalata ya dokotala, magalasi ndi tchaja.
Sutikesi nthawi zina imakwera ndege ina
n'kukaona mayiko amene mwini wake sanalipire.

Tchizi cha sulguni chotsani. Inde, chonse.
Kumalire sakachilola,
ndipo kumene mukupitako tchizi si chachilendo.
Kampeni kanu kosendera maapozi katsalenso.

Mufike pabwalo la ndege kukadali maola atatu.
Ndikudziwa, simunachedwepo ndi mphindi imodzi yomwe,
koma uko woyendetsa si inu.
Mukakhala pampando, akakuuzani kuti mangani lamba, mumange,
musakagogode chitseko kukalangiza mnzanu za mabuleki.

Dzina la hotela ndalemba ndi zilembo zawo,
zikuluzikulu, pa katoni ka tiyi.
Foni imafa, katoni sikafa.
Mawu awo muloweze atatu okha:
moni, zikomo, ndi chimbudzi chili kuti.
Otsalawo manja anu adzayankhula,
paja pakhomo pano sanakhalepo chete.
Mukasochera funsani.
Safunsa anadya phula, munkatero ndinu.

Pepala lanu lija ndaliwerenga:
matchalitchi asanu ndi awiri, phiri, mabwinja, doko, chilumba,
zonse m'masiku asanu, ndi maola ake pambali,
ngati ndandanda ya sitima.
Ndafufuta Lachinayi lonse.
Musakwiye.
Tsiku limenelo mukadzuke dzuwa litakwera,
mukapeze benchi yoyang'ana kumadzi,
mukhale.
Kalendala ija Amayi anakana kuichotsa kukhitchini
chaka chake chitatha kalekale,
ya gombe ndi phiri kumbuyo,
mukaone ngati ojambula sananame.
Akanafuna kudziwa.

Mphatso musavutike nazo.
Zurabi akuti mum'gulire jezi ya mpira,
muuzeni agule yekha, amalandira malipiro.
Ine mundibweretsere tikiti ya sitima yawo ya pansi,
yogwiritsa ntchito kale,
chifukwa ndikudziwa mukalowamo ndithu,
mukaima kutsogolo kwenikweni, khutu lili tcheru,
kumvetsera mmene mnzanu akukhotera.

Makiyi musiyire Mzevinar, azithirira mpesa wa pakhonde.
Gasi ndidzatseka ndine.
Takisi ibwera folo koloko m'mamawa,
ndiye kagoneni, ngakhale tulo musatipeze.

Bambo.
Ndakuonani.
Tulutsani kampeniko m'thumba.